Njinga ziwiri za ku Joni

Ndinayamba kuphunzira njinga yamoto ndili ndi zaka 41, pabwalo lina lafumbi kuseri kwa mulu wa mchenga wa mumgodi, pakati pa Germiston ndi Boksburg. Munali mu Ogasiti 2020, mwezi wa mphepo, ndipo fumbi lachikasu la pamuluwo linkalowa mpaka m'mano. Mphunzitsi wanga anali mnyamata wa ku Mangochi, wosasiyana kwenikweni msinkhu ndi mwana wanga woyamba. Tsiku limenelo ndinagwa kawiri ndisanayende ngakhale mamita 50. Ndikusasa fumbi kachiwiriko ndinakumbukira njinga ya bambo anga, Raleigh yakuda imene anabwera nayo kuchokera kudera lomwelino mu 1975.

Ine ndinabadwa mu 1979 kumudzi wina kufupi ndi Mponela, m'boma la Dowa, ndipo njingayo ndinaipeza. Pamudzi ponse inkadziwika kuti njinga ya ku Joni. Inkanyamula chimanga kupita kuchigayo, fodya kupita kumsika, odwala kupita kuchipatala. Mayi amati ngakhale iwo anakwera pakaliyala pake tsiku limene ndinkabadwa. Usiku inkagona m'nyumba, pafupi ndi mphasa ya bambo, ndipo mwana woigwira belu popanda chilolezo ankaona zakuda. Ndinaiphunzira mobisa, mwendo nditaulowetsa pansi pa chitsulo chapakati chifukwa pachishalo sindinkafikira. Nthawi imeneyo sindinafunsepo kuti njingayi inagulidwa ndi thukuta lotani. Ndafunsa nditakula, nditagula yangayanga m'dera lomwe bambo anagula yawo.

Dera limeneli kale linkatchedwa East Rand. Kuyambira mu 2000 matauni ake, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Kempton Park, pamodzi ndi Tembisa, Katlehong, Daveyton ndi malo ena okhala anthu akuda, ali pansi pa khonsolo imodzi yotchedwa Ekurhuleni, mawu a Chitsonga otanthauza malo amtendere. Ambiri mwa matauniwa anamera chifukwa cha golide amene anapezeka mu 1886, ndipo anandanda motsata mzere wa mwala wa golide umene uli pansi pa nthaka. Mgodi waukulu wa ku Boksburg, East Rand Proprietary Mines, unayamba mu 1893 ndipo unadzafika pakuya kopitirira mamita 3,000. Migodi yotere inkafuna manja ambiri otchipa, ndipo kwathu ku Nyasaland kunali amuna ofuna ndalama za msonkho wa nyumba.

Oyamba kubwera kuno ankayenda wapansi. Mmodzi wa iwo tonse timamudziwa. Kamuzu Banda anachoka ku Kasungu ali mnyamata, cha m'ma 1915, n'kukagwira ntchito ku Hartley m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, kenako anafika kuno n'kulembedwa pamgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Boksburg. Anakhala zaka zingapo asanapite kukaphunzira ku America mu 1925. Nthawi imene iye ankabwera, kulemba anthu a kwathu ntchito ya m'migodi ya golide kunali koletsedwa. Boma la South Africa linaika chiletsocho mu 1913 chifukwa anthu ochokera m'mayiko otentha a kumpoto ankafa kwambiri ndi chibayo. Komabe anthu ankalowa mozemba, ena posintha mayina ndi kunama kwawo. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawapatsa dzina limene lilipo mpaka lero, matchona.

Chiletso chija chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, limene tonse tinkangoti Wenela, linatsegula maofesi ake m'dziko lathu. Dzinali silinafe. Amene wakwerapo basi ku Blantyre akudziwa depoti ya pa Wenela. Pofika m'zaka za m'ma 1950 bungweli linayamba kunyamula anthu pandege mpaka ku Francistown, ku Botswana, kumene ankakwera sitima yopita ku Johannesburg. Dziko litalandira ufulu ntchitoyi inakula kwambiri, makamaka boma la Kamuzu litakhazikitsa ubale ndi boma la azungu la South Africa mu 1967. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno.

Bambo anali mmodzi wa iwo. Analembetsa mu 1972 ali ndi zaka 24. Amafotokoza kuti anawayeza pasikelo, anawaunika pachifuwa, anadinda chala papepala, kenako anakwera ndege asanakwerepo ngakhale sitima. Anawatumiza kumgodi wina kufupi ndi Springs. Moyo wawo unali wa malo awiri okha, kukomboni ndi pansi pa nthaka. Ankadzutsidwa kukali mdima, kulowa m'chikepe, kutuluka dzuwa litapendeka, kudya, kugona pabedi lasimenti m'chipinda cha amuna okhaokha. Gawo lalikulu la malipiro awo silinkafika m'manja mwawo kuno. Linkasungidwa kuti akalandire kumudzi kontalakiti ikatha, ndipo boma lathu linkapindula ndi ndalama zakunja zimenezi.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 anafa, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi a m'migodi. Kamuzu analamula kuti kulemba anthu kuime ndipo amene anali kuno abwerere. Bambo anafika kumudzi mu 1975 ndi bokosi lachitsulo, mabulangete awiri, wailesi ndi nsapato zazitali za mumgodi. Njinga inabwera pambuyo pake itamasulidwa. Anaigula kusitolo ya pafupi ndi komboni, ndipo sankadziwa kuti ku Springs komweko kunali fakitale yopanga njinga za Raleigh. Kuno sanaikwerepo ngakhale tsiku limodzi. Akanapita nayo kuti, munthu woyendera chitupa? Njingayo inali ya kumudzi, umboni wakuti munthu anapita, anapirira, ndipo wabwerako.

Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, limene kwathu timati Theba, koma chiwerengero sichinabwererenso mwakale. Mu 1988 zinatheratu, maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV asanalembedwe. Njira ya ku Joni inatsekukanso tsankho litatha mu 1994, koma mwa mtundu wina. Panalibenso wokuyeza pasikelo kapena wokulipirira ulendo. Umagulitsa mbuzi, kutenga pasipoti, kukwera basi yodzera ku Mwanza kapena ku Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kutulukira pa Beitbridge. Ndi mmene ndinabwerera ine mu 2012. Ndinabwera ndikudziwa zimene zinachitika mu Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndiponso kuti munthu wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo ku Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park, ku Boksburg konkuno. Njala ya kumudzi inaposa mantha.

Ndinayamba ndi kusamalira maluwa m'nyumba za anthu, kenako ndinapeza ntchito yotsuka mbale ndi kusenda mbatata m'khitchini ya malo ena odyera ku Kempton Park. Pa 27 Malichi 2020 dziko lonse linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo khitchini yathu sinatsegulidwenso. Miyezi imeneyo misewu inali zii, koma malamulo atayamba kufewa tinayamba kuona njinga zamoto zamabokosi kumbuyo zikuchuluka. Ntchitoyi inali itayamba kale. Uber Eats inafika ku Johannesburg mu 2016, ndipo masitolo a Checkers anayambitsa Sixty60 kumapeto kwa 2019. Mliri uja ndi umene unaikuza, popeza anthu ankaopa kutuluka m'nyumba. Okwera njingazo ambiri anali obwera ngati ine, a ku Zimbabwe, Uganda, Burundi, Congo ndi kwathu.

Poyamba ndinkainyoza. Kwathu kabaza timamuona ngati ntchito ya anyamata, ndipo ine ndinali bambo wa ana anayi, imvi zitayamba kuoneka. Ndinanena zimenezi pafoni kwa mayi a kunyumba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Inu abambo, ana sadya manyazi. Sukulu zikatsegulira fizi ichokera kuti?" Ndinalibe choyankha.

Ndinali ndi R14,000 imene ndinasunga kwa zaka zitatu kuti ndikagule malata a nyumba yathu. Makoma anali ataima kale, akudikira denga. Kugula njinga kunatanthauza kuti makomawo apirire dzinja lina, mwinanso awiri, ndipo ndikalakwitsa posankha ndiye kuti malata ndi njinga zonse zapita. Panali njira zitatu. Ndikanatha kubwereka njinga kwa mwini wake n'kumalipira sabata iliyonse, kaya ndapeza kaya sindinapeze. Mnyamata wa ku Mangochi uja, amene tinkakhala naye mpanda umodzi ku Primrose, ankalipira R600 pa sabata, ndipo anandiwerengera kuti m'miyezi isanu ndi umodzi anali atapereka ndalama zokwana kugula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito. Njira yachiwiri inali yolipira pang'onopang'ono mpaka njinga idzakhale yako, koma ukadwala milungu iwiri yokha amailanda. Yachitatu inali yogula ndi ndalama zanga.

Kenako panabwera nkhani ya kukula kwa injini. Malamulo a kuno amagawa ziphaso za njinga yamoto pawiri. Cha A1 ndi cha njinga zosapitirira 125cc, ndipo munthu angachitenge ali ndi zaka 16. Cha A ndi cha njinga zazikulu kuposa pamenepo, kuyambira zaka 18. Njinga zimene anzathu ankayendetsa zinali mbali zonse ziwiri za malire amenewa: Honda Ace 125, Big Boy Velocity 150 ndi Bajaj Boxer 150 yochokera ku India. Ine mtima unali pa yaing'ono chifukwa cha mantha. Mnyamata uja anaseka. "Madala, inu ndinu olemera thupi, kuwonjezera bokosi lodzaza mabotolo a zakumwa. Pachitunda muzidzatsika n'kumakankha?"

Ndinatsala pang'ono kutaya ndalama zonse. Pa Facebook ndinaona njinga yowala bwino ya R8,000 yokha, ndipo ndinapangana ndi mwini wake osauza munthu. Mwamwayi ndinalibe wondiyendetsera pobwerera, choncho ndinapempha mnyamata uja kuti andiperekeze. Atafika sanayang'ane penti. Anagwira injini n'kupeza kuti ndi yotentha, ndipo anandinong'oneza kuti wogulitsa akaitenthetseratu ndiye kuti m'mawa imavuta kulira. Anagwada n'kuwerenga nambala ya pafelemu ndi ya painjini, n'kupempha mapepala kuti afananize. Mapepalawo akuti anali kwa mchimwene wa wogulitsayo, ndipo mchimweneyo foni yake sinkapezeka. Tinabwerako chimanjamanja. Panjira anangoti, "Safunsa anadya phula, madala. Njinga yopanda mapepala apolisi akaigwira, inu ndi amene mwaba."

Patapita milungu iwiri tinapeza Boxer ya munthu wina wa ku Zimbabwe amene ankabwerera kwawo. Inali yokalambirako, chishalo chong'ambika pakona, koma inalira kamodzi injini ili yozizira, sinkatulutsa utsi, ndipo manambala anagwirizana ndi mapepala. Nditakhalapo mapazi onse awiri anaponda pansi bwinobwino. Chinanso, zipangizo zake zimapezeka paliponse, ndipo makaniko aliyense wa m'mbali mwa msewu ku Germiston amaidziwa. Ndinapereka R12,000. Yotsalayo inathera pa helemeti, jekete lochindikala, kuyezetsa njingayo kuti ndi yoyenera pamsewu ndi kuisintha dzina. Mwayi wanga unali wakuti ndinali ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno, chimene anzanga ambiri alibe, moti ndinatha kutenga nambala imene obwera amalembetsera galimoto ndi ziphaso.

Kuphunzira ukulu kuli ndi vuto lake. Thupi limakhala litadziwa kale zina, ndipo silifuna kuziiwala. Kwa zaka zoposa 30 dzanja langa lamanzere linkadziwa kuti chitsulo chimene lagwira ndi buleki, monga pa Raleigh ya bambo. Panjinga yamoto chitsulo chimenecho ndi kilatchi. Buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja, lomwenso limapotokola chogwirira popatsa moto. Phazi lamanzere limasintha magiya, lamanja limaponda buleki yakumbuyo. Ndikachita mantha ndinkafinya kumanzere, njinga osaima, injini n'kumangobangula. Ndikati ndinyamuke ndinkasiya kilatchi kamodzin'kamodzi, njinga n'kudumpha ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe.

"Madala, musamaitaye. Muziisiya ngati mukutula mwana wogona pamphasa," ankatero mphunzitsi wanga. Tsiku lina ndinalunjika pamwala umodzi wokha umene unali pabwalo lonselo. Atandidzutsa anafunsa, "Mumayang'ana chiyani?" Ndinati mwalawo. "Ndiye mwaupeza. Njinga imapita kumene maso apita. Muziyang'ana kumene mukufuna kudutsa." Kulangizidwa ndi mwana chonchi, anyamata ena akuonerera ndi kuseka, kunkandiwawa kuposa mabala. Koma iye sanandichitepo chipongwe, ndipo sanalandire kalikonse kupatula nsima ya Lamlungu.

Usiku ndinkawerenga kabuku ka K53, malamulo amene amayesera oyendetsa kuno. Mayeso oyamba ndi olemba, okhudza malamulo a pamsewu, zikwangwani ndi ziwalo za njinga. Ukakhoza amakupatsa chiphaso cha wophunzira, chimene chimakulola kuyenda wekha koma osanyamula munthu. Mayeso achiwiri amachitikira pabwalo: kunyamuka pachitunda osabwerera m'mbuyo, kukhota mkati mwa mizere, kuima mwadzidzidzi, kuzemba chinthu mwadzidzidzi. Ulendo woyamba ndinalephera pachitunda, njinga inabwerera m'mbuyo. Ndinakhoza ulendo wachiwiri, mu Febuluwale 2021.

Zenizeni ndinaziphunzira pamsewu. Minibasi ya kuno imaima paliponse pamene munthu wakweza chala. Mizere yopentedwa pamsewu imaterera mvula ikangoyamba, chimodzimodzi dizilo amene malole amadontheza ku Wadeville ndi ku Isando. Magetsi akazima, monga ankachitira kawirikawiri mu 2022 ndi 2023, maloboti amafa, ndipo pamphambano wanjinga ndi amene saonedwa. M'mawa wa mu Juni zala zimauma mpaka osamva buleki. Pulogalamu ya pafoni imawerenga mphindi, kasitomala akudikira chakudya chotentha, ndipo mtima umati thamanga. Apa ukulu unandithandiza. Ndimapeza zochepa poyerekeza ndi anyamata, koma ndimadziwa kuti kuthamanga sikufika.

M'chaka chimodzi ndinadziwa dera lino kuposa mmene ndinalidziwira m'zaka zisanu ndi zitatu zoyenda paminibasi. Tsiku lina ndinafika ku Springs, ndipo madzulo ake ndinaimbira bambo pafoni ya mlongo wanga.

"Bambo, lero ndinali kwanu ku Springs."

Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa, "Tauniyo ndi yooneka bwanji?"

Ndinadabwa. Ndinati, "Si inu munakhalako zaka zitatu?"

"Ine ndinakhala pansi pake, mwanawe. M'tauni ndinalowamo kangati? Ndikukumbuka phiri la mchenga limene tinkaliona tikatuluka."

Ndinalephera kuwauza ngati phirilo lilipo. Milu yambiri ya mchenga ikuphwasulidwa masiku ano, amaikokolola ndi madzi n'kuitumiza m'mapaipi kufakitale ya kufupi ndi Brakpan kuti achotsemo golide wotsalira. Ngakhale mchenga umene bambo anatulutsa pansi ukugulitsidwa kachiwiri.

Sindikufuna kukometsa nthawi ya Wenela. Anthu ankatsekeredwa ngati ng'ombe m'khola, ankalandira zochepa, ndipo ambiri anabwerera ndi chifuwa chimene chinawapha pang'onopang'ono. Mpaka lero kwathu kuli madala amene akuyendabe m'maofesi kufunsa ndalama zawo za ku Theba. Koma munthu aliyense anali ndi nambala m'kaundula. Ndege itagwa ku Francistown, mayina a akufa anadziwika, ndipo boma linachitapo kanthu. Ife tili ndi ufulu umene bambo analibe: ndimagona kumene ndafuna, ndimapita kumene ndafuna, njinga ndi yanga. Pamodzi ndi ufuluwo, ngozi yonse ilinso pamutu panga. Petulo, matayala, chipatala, zonse n'zanga. Makampani amatitenga ngati anthu odzilemba okha ntchito.

Mu 2022 mnzathu wina wa ku Machinga anagundidwa ndi galimoto usiku kukugwa mvula. Analibe mapepala, choncho ankagwira ntchito pa akaunti yobwereka, monga amachitira ambiri. Dzina limene linali pafoni yake linali la munthu wina wamoyo. Panapita masiku awiri tisanadziwe kumene thupi lake lili. Tinasonkha pagulu lathu la WhatsApp, wina R100, wina R50, mpaka zinakwana kulipira galimoto yonyamula maliro kudzera njira yomwe ija ya Beitbridge ndi Tete. Pakanapanda anzake omufunafuna, kwawo akanangoti watchona.

Malata ndinagula mu 2022, nyumba inafoleredwa mvula isanayambe. Njinga ikadalipo, ndasintha tcheni katatu. Tsopano mwana wanga woyamba, amene ali ndi zaka 22, akuti ndikadzagula ina, iyi ndimutumizire kuti azichita kabaza pa Mponela. Kwathunso njinga zamoto zadzaza m'misika yonse, zalanda malo a njinga zakapalasa, ndipo okwera ambiri alibe chiphaso kapena chipewa. Anaphunzira kwa anzawo masana amodzi, mawa lake ayamba kunyamula anthu. Bambo, amene Raleigh yawo ili pakhonde yopanda matayala, ali kumbali ya mdzukulu wawo. Akuti munthu sabwera ku Joni wopanda njinga.

Sindinakane. Mwezi watha ndinapita kwa amene amanyamula katundu wa Amalawi kupita naye kumudzi, n'kupereka katoni imodzi. Munali helemeti ziwiri, ya woyendetsa ndi ya wokwera, ndi ndalama zolembetsera chiphaso ku Lilongwe. Ndinamuuza mwanayo pafoni kuti akadzanditumizira chithunzi cha chiphasocho, chokhala ndi dzina lake lenileni, njinga idzanyamuka.